Striped bass, mackerel ndi nkhukundembo zakutchire ku Massachusetts: ndiyambire pati?

Wowerenga wina watilembera motere: "Kwathu ndi ku Nkhotakota koma pano ndimakhala ku Quincy, kufupi ndi Boston. Ndidakulira kunyanja, mbedza ndimaidziwa, kampango ndakokapo wambiri. Koma nyanja ya kuno yandikana. Mwezi uno wa Meyi ndakhala ndikupita ku Wollaston Beach Loweruka masana, kuponya mpaka phewa kuwawa, osakola kanthu. Anzanga akuntchito akuti ino ndiyo nyengo ya striped bass ndi mackerel, ndipo mmodzi akundikakamiza kuti tikasake nkhukundembo zakutchire nyengo yake isanatseke. Nkhukundembozo ndimaziona zikungoyendayenda m'misewu ngati zoweta. Ndikulakwitsa pati? Ndigule zida zotani? Nanga munthu wobwera ngati ine angasake popanda kupalamula mlandu?"

Achimwene, mtima ukhale m'malo. Dzanja lanu silinaiwale ntchito, ndipo nsombazo zilipodi m'madzi omwe mukuponyamowo. Chomwe chakupusitsani ndi nthawi. Munthu woima pa Wollaston dzuwa lili paliwombo, madzi ataphwa, agalu ndi ana akuthamanga m'mphepete, akhoza kukhala katswiri wotani koma abwerera chimanjamanja. Zimenezi zimakonzeka msanga. Chomwe ndikufuna muchimve kaye n'chakuti zinthu zitatu mwatchulazi sizifanana kulemera kwake. Kuwedza mutha kukuyamba mawa lomwe. Kusaka ndi mfuti kumafuna maphunziro ndi mapepala omwe sangatheke m'masabata awiri, ndipo kulakwitsa pamenepo kumakhudza ngakhale chilolezo chanu chokhalira m'dziko muno. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Chaka chino gwirani za nsomba, nkhukundembo muziphunzire ndi maso, mudzasake Epulo wa chaka chamawa.

Musanaponyenso mbedza, gulani chilolezo chowedzera m'nyanja yamchere. Chimafunika kwa aliyense wa zaka 16 kupita m'mwamba, chimagulidwa pa intaneti kudzera pa tsamba la boma la MassFishHunt, mtengo wake ndi madola 10 pachaka, ndipo a zaka 60 kupita m'tsogolo amachitenga ulere. Apolisi azachilengedwe amayendera magombe, amafunsa chilolezo ndi kutsegula zikwama za nsomba. Chilolezo chimenechi n'chodyera pakhomo basi, kugulitsa nsomba ayi.

Tsopano nkhani ya madzi, yomwe ndiyo gwero la vuto lanu. Nyanja ya Malawi simadzaza ndi kuphwa tsiku ndi tsiku, choncho msodzi wa kwathu amayang'ana mphepo, mwezi ndi nyengo. Kuno nyanja imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri patsiku, ndipo ku Boston kusiyana kwake kumafika pafupifupi mamita 3. Kuchokera pa kudzaza kumodzi kufika pa kwinako pamapita maola 12 ndi mphindi 25, n'chifukwa chake nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mukapita ola lomwelomwelo Loweruka lililonse, sabata ino mupeza madzi odzaza, sabata yamawa mupeza matope okhaokha. Wollaston ndi gombe losaya, madzi akaphwa amathawira kutali ndipo nsomba zimapita nawo. Pamenepo pitani kutatsala maola awiri kuti madzi adzaze, mukhale mpaka maola awiri atayamba kubwerera. Ndandanda ya nthawizi imapezeka ulere pa intaneti ndi m'masitolo ogulitsa nyambo. Sankhani tsiku lomwe kudzaza kwa madzi kukugwirizana ndi m'bandakucha kapena chisisira. Kumapeto kwa Meyi dzuwa limatuluka cha m'ma 5:15, ndiye kuti mbedza yanu izikhala ili m'madzi pofika 4:30.

Striped bass ndi nsomba yobisalira. Siikonda kuthamangitsa chakudya pamtunda wautali, imaima kuseri kwa mwala, pa phazi la mlatho kapena m'mphepete mwa dzenje, n'kudikira kuti madzi othamanga aibweretsere tinsomba tosokonezeka. Inu mukudziwa kale chifukwa chake utaka umasonkhana pa chirundu, nzeru yake ndi yomweyo. Madzi akaima, kaya atadzaza kapena ataphwa kotheratu, kudya kumaimanso. Kufupi ndi kwanuko, yang'anani pomwe mitsinje ikuthira m'nyanja: Neponset, Fore River ndi Weymouth Back River, makamaka madzi akamatuluka. Nut Island, Castle Island ndi Deer Island ndi malo ena omwe munthu wopanda boti amafikapo mosavuta. Mukakhala ndi galimoto, Plum Island pomwe Merrimack amathira m'nyanja ndi Cape Cod Canal ndiwo malo otchuka. Mu Canal madzi amasintha kolowera pafupifupi maola 6 aliwonse ndipo amathamanga zedi, kuwedza uli m'boti n'koletsedwa, ndipo miyala yake imadya zida za ongoyamba. Ine ndingati kumeneko mudzapite mutazolowera kaye pafupi.

Nsombazi sizikhala kuno chaka chonse. Zambiri zimaswana m'madzi opanda mchere a mitsinje yothira mu Chesapeake Bay, mu Hudson ndi mu Delaware, kenako zimakwera kumpoto madzi akamafunda. Zing'onozing'ono, zomwe asodzi amati schoolies, zimayamba kuoneka kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi madzi akafika madigiri 10 a Celsius. Zikuluzikulu zimatsatira kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni. Zimabwera motsata chakudya: river herring zomwe zimakwera mitsinje kukaswana, mackerel, squid, ndi menhaden zomwe kuno amati pogies. Weymouth Back River imakoka striped bass chifukwa cha herring zopita ku Whitman's Pond. Koma samalani, herring zimenezi mudzaziona zitadzaza mtsinje, dzanja n'kuyabwa. Massachusetts idaletsa kuzigwira kapena kupezeka nazo kuyambira mu 2006, choncho zisiyeni, ngakhale kuti muzichite nyambo.

Pa zida musawononge ndalama. Ndodo imodzi ya mafiti 9 yokhala ndi reel (chokulungira chingwe) ya saizi 5000 ikukwanirani pagombe ndi pamiyala pomwe. Kulunganipo chingwe cholukidwa cha braid cha mapaundi 30, ndipo kunsonga kwake mumangirire chingwe chosaoneka m'madzi cha fluorocarbon cha mapaundi 30 kapena 40, chotalika mita imodzi. Braid ndi yolimba pokoka koma ikakhula pamwala imaduka nthawi yomweyo, ntchito ya chingwe chakunsongacho ndi imeneyo. Nyambo zopanga zitatu n'zokwanira: kansomba kapulasitiki kofewa ka mainchesi 5 koyera, kovekedwa pa mbedza ya mutu wa mtovu wolemera theka la aunsi mpaka aunsi imodzi, bucktail (mbedza ya mutu wa mtovu yomangiridwa ubweya) yoyera ya aunsi imodzi, ndi nyambo yosambira ngati SP Minnow. Cholakwa chomwe ambiri amachita ndi kukulunga mothamanga. Madzi a Meyi ndi ozizira, nsomba ndi zaulesi. Ponyani chopingasa kumtunda kwa komwe madzi akuchokera, lolani nyambo imire, ndipo kokani pang'onopang'ono moti muzimva ikugunda pansi apo ndi apo. Mukabwera kuchokera kunyanja tsukani reel ndi madzi apampopi, apo ayi mchere uidya isanathe nyengo.

Mackerel ndiyo ndingakonde muyambire, chifukwa ndi ndiwo komanso ndi nyambo yabwino koposa ya striped bass. Musaisokoneze ndi karapau wowuma ndi ayezi amene amagulitsidwa kwathu, ameneyo ndi horse mackerel, mtundu wina. Ya kunoyi ndi Atlantic mackerel, ya msana wobiriwira wa mizere yakuda yokhotakhota, ndipo imafika ku Cape Cod Bay ndi Massachusetts Bay mu Meyi m'magulu akuluakulu. Chida chake ndi sabiki, chingwe chomwe chimabwera chomangidwa kale ndi timbedza tisanu kapena tisanu ndi kamodzi tokhala ndi tinthenga tonyezimira. Pansi pake mangani chitsulo chonyezimira cha diamond jig cha maaunsi 1 mpaka 3 kuti chikokere chingwe pansi. Tsitsani mpaka pansi, kwezani ndi kutsitsa ndodo pang'onopang'ono, ndipo ngati palibe chogwira kulungani mita imodzi kapena awiri n'kuyambiranso, kufikira mutapeza kuya komwe gulu lili. Imodzi ikagwira musafulumire kukoka. Kugwedezeka kwake kumakopa zinzake, mukadikira masekondi ochepa mbedza zonse zimadzaza. Kokani mosalekeza, chifukwa chingwe chikangolefuka nsomba zisanu zimachipota kukhala mfundo yosamasulika. Sabiki ndi yotchipa, tengani zitatu kapena zinayi.

Ndinene mosabisa kuti mackerel za kumapeto kwa Meyi zimapezeka bwino ndi boti, pa madzi akuya mamita 10 mpaka 25, kunja kwa Nahant, kufupi ndi Graves Light kapena ku Scituate. Wapansi amadalira mwayi: khoma la miyala la Dog Bar ku Gloucester, Granite Pier ku Rockport, kapena kumapeto kwa Canal ku Sandwich, m'mawa kwambiri madzi akudzaza. Lero zilipo, mawa zapita. Woimbira foni sitolo ya nyambo ya m'deralo asananyamuke amapulumutsa petulo. Kuti gulu likhazikike pansi panu, booleni chitini cha chakudya cha mphaka cha nsomba, chimangeni chingwe n'kuchilendewetsa m'madzi kuti fungo lizituluka pang'onopang'ono. Malire omwe adakhazikitsidwa mu 2023 ndi nsomba 20 pa munthu patsiku. Malamulo a nsomba amaunikidwa chaka ndi chaka, choncho onani tsamba la Division of Marine Fisheries, nthambi ya boma yoona za nsomba za m'nyanja, nyengo iliyonse ikamayamba.

Pali ngozi imodzi ya mackerel yomwe anthu a kunyanja ya kwathu saidziwa bwino. Nsombayi ikakhala potentha itafa, tizilombo timasandutsa zina za m'mnofu wake kukhala histamine, ndipo poizoni ameneyu sachoka ngakhale muiphike, muiwambe kapena muiike mufiriji pambuyo pake. Nthawi zina nsombayo siinunkha n'komwe. Wodya amayamba kufiira nkhope, mutu kupweteka, zidzolo, mtima kugunda ndi kutsegula m'mimba pasanathe ola limodzi. Ambiri amachira okha kapena ndi mankhwala a ziwengo, koma ngati munthu akubanika kapena lilime likutupa, imbani 911. Kupewa kwake n'kosavuta: ikangotuluka m'madzi dulani makha kuti magazi atuluke, iponyeni mu cooler box ya ayezi wosakaniza ndi madzi a m'nyanja pang'ono, chotsani matumbo musananyamuke, ndipo idyeni tsiku lomwelo kapena mawa lake. Kuisiya mu ndowa padzuwa mpaka masana ndiko kumabweretsa mavuto.

Mackerel yamoyo ndi nyambo yomwe striped bass yaikulu siikana. Vuto ndi kuisunga. Ilibe kathumba ka mpweya m'mimba ndipo imayenera kusambira mosaima kuti ipume, choncho mu ndowa imafa m'mphindi zochepa. Imafuna thanki yozungulira yomwe madzi atsopano akulowamo nthawi zonse. Ngati mulibe, ivekeni pa mbedza pomwepo mwaigwirapo. Lowetsani mbedza m'mphuno mopingasa, kapena pamsana kutsogolo kwa chipsepse choyamba, osazamitsa mpaka kukhudza fupa, ndipo ilekeni isambire yokha popanda cholemetsa pafupi ndi miyala. Yakufa idulenidule zidutswa za masentimita 4 kapena 5. Mutu ndiwo umakonda kukola zazikulu ndipo nkhanu zimachedwa kuutha. Chidutswacho chiponyeni ndi mtovu wa maaunsi 2 mpaka 4 womangidwa moti chingwe chizitha kuyenda momasuka mkati mwake, kuti nsomba ikanyamula nyambo isamve kulemera. Sinthani nyambo mphindi 15 kapena 20 zilizonse, ikasuluka fungo yatha ntchito.

Apa ndi pomwe chizolowezi cha kampango chidzakupwetekeni. Kuyambira mu 2021, aliyense wowedza striped bass ndi nyambo yeniyeni ayenera kugwiritsa ntchito circle hook, mbedza yomwe nsonga yake idapindikira mkati moloza thupi la mbedzayo, yosapotokera kumbali. Pa mackerel tengani saizi 6/0 mpaka 8/0. Mbedza imeneyi siifuna kutsomphola. Mukangomva kugunda n'kukoka ndodo mwamphamvu monga tidazolowera, imatuluka m'kamwa osagwira kanthu. Chitani izi: lozetsani ndodo kunsomba, ilekeni ithawe ndi nyambo muwerenge mpaka 5, kenako yambani kukulunga mpaka chingwe chikungike, ndipo mukweze ndodo pang'onopang'ono. Mbedzayo imatsetsereka kuchoka kukhosi n'kudzakola pakona ya kamwa. Onetsetsaninso kuti nsonga yake siinakwiririke mu nyambo, ikabisika siikola.

Lamulo la kukula kwake ndi lomwe limapweteka mtima wa msodzi wa kwathu. Kuyambira mu 2023 mumaloledwa nsomba imodzi yokha patsiku, yoyambira mainchesi 28 koma yosafika 31, kapena kuti pakati pa masentimita 71 ndi 79. Igonekeni pa choyezera, kamwa lili chitsekere, muyeze mzere wowongoka kuchokera kumphuno mpaka kunsonga ya mchira mutaufinya. Yochepera apo ibwezeni. Yoposera apo, ngakhale ikhale yaikulu kuposa nsomba iliyonse mudagwirapo, ibwezeninso. Kuibaya ndi ngowe poitulutsa n'koletsedwa, kutaya yomwe mudasunga kale kuti mutenge yokulirapo n'koletsedwa, ndipo kupitirira mamailosi 3 kuchokera kumtunda simuloledwa kuiwedza konse. Chifukwa chake chilipo. Nsombayi idatsala pang'ono kutha m'zaka za m'ma 1980, mpaka Maryland idatseka usodzi wake wonse mu 1985. Idachulukanso pofika 1995, koma mu 2019 bungwe la Atlantic States Marine Fisheries Commission lidalengeza kuti yachepanso mopyola muyeso. Zikuluzikuluzo pafupifupi zonse ndi zazikazi, ndipo ndizo zimaikira mazira ambiri.

Popeza zambiri zomwe mugwire muzidzazibweza, phunzirani kubweza bwino. Akatswiri amawerengera kuti mwa nsomba 100 zobwezedwa, 9 zimafabe. Musalimbane nayo nthawi yaitali mpaka kutheratu mphamvu. Nyowetsani manja, igwireni kukamwa kwam'munsi dzanja lina lili pansi pa mimba, osailendewetsa ndi chibwano chokha, osalowetsa zala m'makha, osaikokera pamchenga wouma. Ngati mbedza yamezedwa, dulani chingwe pafupi ndi kamwa m'malo mofukula. Igwireni m'madzi mutu utaloza komwe madzi akuchokera mpaka itadzimenya yokha n'kuchoka. Chenjeraninso ndi minga ya pamsana ndi chivindikiro cha makha, zimacheka. Pa nyambo zopanga, finyani ndevu za mbedza ndi pulayala, zimathandiza nsomba komanso chala chanu tsiku lomwe mbedza idzalowe m'menemo.

Pa kadyedwe, FDA, bungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala, limaika Atlantic mackerel m'gulu la nsomba zabwino koposa chifukwa ili ndi mercury wochepa, pomwe striped bass ya m'nyanja lidaiika m'gulu loti mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asapitirire kudya kamodzi pasabata. Nsomba za m'kati mwa doko la New Bedford musadye, pansi pake padaipitsidwa ndi mankhwala apoizoni a PCB. Ndipo madzi a Meyi musawaderere poti mumatha kusambira. Pa madigiri 10 mpaka 12, munthu akagwamo mpweya umabanika ndipo manja amauma m'mphindi zochepa. Miyala ya ndere zakuda imaterera, nkhungu imagwa mwadzidzidzi, ndipo madzi akamadzaza amayamba atseka njira yakumbuyo kwanu musanazindikire. Usiku musapite nokha.

Tibwere ku nkhukundembo. Zomwe mukuziona m'misewuzo ndi zakutchire ndithu, ndipo lamulo limaziteteza. Kuigwira, kuitchera msampha kapena kuigenda kuseri kwa nyumba ndi mlandu. Mbalamezi zidatheratu mu Massachusetts, yomaliza idaphedwa pa Mount Tom mu 1851. Mu 1972 ndi 1973 a MassWildlife, bungwe la boma loona za nyama zakutchire, adakatenga 37 ku New York n'kuzimasula ku Berkshires, kumadzulo kwa Massachusetts, ndipo lero zilipo zoposa 30,000. Nyengo yosaka imayamba Lolemba lomaliza la Epulo n'kutha pakapita masabata 4, kutanthauza kuti mu Meyi momwe mwalemberamu yatsala pang'ono kutseka. Kusaka kumayamba kutatsala theka la ola kuti dzuwa lituluke ndipo kumatha 12 koloko masana, Lamulungu sasaka, ndipo mlenje amaloledwa mbalame 2 za ndevu. Ku New Hampshire ndi Vermont nyengo ndi 1 mpaka 31 Meyi, ku Maine imalowa mu Juni, koma dera lililonse lili ndi laisensi ndi malamulo akeake.

Mapepala ake ali motere. Woyamba kusaka amayenera kumaliza maphunziro a Basic Hunter Education, omwe MassWildlife imaphunzitsa ulere koma malo amadzaza msanga. Akatero amagula laisensi yosakira ndi chilolezo chapadera cha nkhukundembo. Kuti agwire mfuti amafunikanso laisensi ya mfuti yotchedwa FID kapena LTC, yomwe imapemphedwa kupolisi ya mzinda womwe akukhala ndipo imatenga masabata ambiri. Kwa ife obwera pali khomo lina. Lamulo la boma lalikulu la America limaletsa munthu wolowa ndi visa yakanthawi, monga ya sukulu kapena ya ntchito, kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, ngakhale limapereka mpata kwa amene ali ndi laisensi yosakira yogwira ntchito. Amene mapepala ake adatha saloledwa konse, ngakhale kungonyamulira mnzake. Wa green card akhoza kupempha chilolezo ngati wina aliyense. Mlandu wa mfuti ukhoza kuthamangitsitsa munthu m'dziko muno, choncho apa musadalire mawu a mnzanu wa kuntchito, kapena angawa okha. Funsani loya wa nkhani zolowa ndi kutuluka m'dziko komanso wapolisi woona za ziphaso ku Quincy musanakhudze mfuti. Uta sufuna chilolezo cha mfuti, koma laisensi yosakira imafunikabe, ndipo kupha nkhukundembo ndi muvi ndi ntchito ya odziwa kale.

Chaka chino mukhoza kuperekeza mnzanuyo ngati woonerera. Musanyamule mfuti yake ndipo musamuimbire chida choitanira, chifukwa lamulo limawerengera kuthandiza mlenje ngati kusaka komwe. Zoti muone ndi zambiri. Nkhukundembo zimagona m'mitengo italiitali, ndipo tambala amayamba kulira ali m'mwamba kusanache. Alenje amalira ngati kadzidzi kapena khwangwala kuti tambala ayankhe n'kudziulula komwe ali. Akamudziwa amakhala pansi pa mtunda wa mamita 100 kapena kuposerapo, msana utatsamira mtengo wotambalala kuposa mapewa, n'kuyamba kulira ngati thadzi pogwiritsa ntchito kabokosi kathabwa, kambale ka sileti kokhula ndi kamtengo, kapena kachida koika m'kamwa. Zoitanira zamagetsi, agalu ndi kuthira chimanga zonse n'zoletsedwa. Mwachilengedwe thadzi ndi lomwe limapita kwa tambala, choncho mlenje amakhala akupempha mbalameyo kuti ichite zosemphana ndi khalidwe lake. N'chifukwa chake tambala amakonda kuima pa mamita 60 kapena 70, mchira atautambasula, kudikira kuti thadzilo lionekere. Ongoyamba akaona choncho amaonjezera kuitana, ndipo amamuumitsa pomwepo. Chofunika ndi kukhala chete, mwina kupalasa masamba ouma ndi dzanja ngati thadzi likudya, kuti chidwi chimukoke.

Kumapeto kwa nyengo kuli ubwino wake womwe ambiri amauphonya pothamangira kunyumba 8 koloko. Thadzi limaikira mazira 10 mpaka 12, limodzi patsiku, n'kufungatira masiku 28. Pofika pakati pa Meyi ambiri amakhala ali pamazira, ndipo tambala amene m'mawa amakana kuyankha chifukwa anali ndi akazi ake amatsala yekha cha m'ma 9 kapena 10. Akayankha nthawi imeneyo amabwera msanga, nthawi zina mwakachetechete, kuchokera kumbuyo. Masamba akakhala ataphuka mawu samveka patali, choncho tambala amene mukumumva ngati ali kutali amakhala ali pafupi kuposa momwe mukuganizira. Mbalameyi fungo siimva kwenikweni, koma maso ake amaona mitundu ndipo kugwedezeka kwa chala kokha kumaithawitsa. Nkhope ndi manja ziphimbidwe.

Pokonzekera chaka chamawa, mfuti yake ndi chifefe cha 12 kapena 20 gauge chokhala ndi choke yothina, ndi zipolopolo za nambala 4, 5 kapena 6. Musanapite kutchire yesani pa pepala lalikulu. Jambulani bwalo la mainchesi 10, womberani muli pa mayadi 20, 30 ndi 40, muwerenge mabowo. Mtunda womwe mabowo a m'bwalomo ayamba kuchepera 100 ndiwo malire anu, ndipo ndi zipolopolo wamba za mtovu nthawi zambiri amathera pa mayadi 30 mpaka 35. Lozani pakhosi pomwe nthenga zathera, mutu uli chiimire. Thupi lili ndi nthenga zokhuthala, mukawombera pamenepo mbalame imathawa yovulala n'kukafera kutali. Onetsetsani ndevu, kachingwe ka tsitsi lakuda kolendewera pachifuwa, musanakhudze chowombera. Simuloledwa kuwombera pa mtunda wosakwana mafiti 500 kuchokera panyumba yokhala anthu popanda chilolezo cha mwini wake, kapena mafiti 150 kuchokera pamsewu wa tala, ndipo matauni ena ali ndi malamulo awo oonjezera. Pamfuti pamamatidwa kasitika ka boma kochenjeza, ndipo mbalame mukapha mumaimanga chizindikiro pomwepo n'kuilembetsa pasanathe maola 48.

Ngozi zambiri pa usaki umenewu zimachitika mlenje akawombera mnzake. Aliyense wavala zobisala ndipo aliyense akulira ngati nkhukundembo. Musavale chofiira, choyera, chabuluu kapena chakuda, ngakhale sokosi kapena mpango, poti imeneyo ndi mitundu ya mutu ndi thupi la tambala. Musanyang'amire kulira komwe mukumva, akhoza kukhala munthu ali ndi mfuti. Mukaona mlenje wina akubwera musagwedeze dzanja kapena kudzuka, fuulani ndi mawu a munthu muli chikhalire. Potuluka m'tchire ndi mbalame, ikulungeni mu nsalu ya olenji.

Chomaliza chikukhudzani ngakhale mukangopita kukaonerera, kapena kudutsa m'maudzu popita kugombe: nkhupakupa. Kuyambira Meyi mpaka Julayi tiana ta nkhupakupa ya miyendo yakuda, tosaposa mamilimita 2, timakhala paliponse m'tchire la New England, ndipo timafalitsa matenda a Lyme, anaplasmosis ndi babesiosis. Poperani zovala ndi mankhwala ophera tizilombo a permethrin dzulo lake kuti ziume, pisirani thalauza m'sokosi, ndipo mukafika kunyumba sambani n'kudzifufuza m'khwapa, m'chiuno, kuseri kwa mawondo ndi m'mutu. Mukaipeza igwireni ndi kopanira pafupi ndi khungu n'kukoka mowongoka, osaiwotcha kapena kuipaka mafuta. Lyme kawirikawiri amafala nkhupakupa ikakhala pathupi kupitirira tsiku limodzi, ndipo ngati yatupa ndi magazi pitani kwa dokotala pasanathe maola 72, akhoza kukupatsani doxycycline woteteza. Chidzolo chake chozungulira chimavuta kuoneka pakhungu lakuda, chimangokhala ngati banga loderapo kapena lotentha, choncho musadikire kuona chofiira. Kutentha thupi, kuzizidwa, mutu ndi kuphwanya m'mfundo patapita masiku kapena masabata mutachoka kutchire n'zokwanira kupita kuchipatala. Babesiosis imalowa m'maselo ofiira a magazi ndipo zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi malungo, ngakhale pa makina oyezera magazi, koma mankhwala ake ndi ena. Musamwe mankhwala a malungo omwe mudabwera nawo kuchokera kumudzi. Muuzeni dokotala zonse ziwiri, tsiku lomwe mudali kutchire ndi nthawi yomwe mudapita ku Malawi komaliza, kuti ayeze zoyenera.